Sitiroko, kuvulala mutu ndi khunyu: zimene zimatiphunzitsa za mmene ubongo unapangidwira

Limbani:
Akuluakulu, tiyeni tikambirane za ubongo, koma tiyambire pa wodwala osati pa chithunzi cha m'buku. Tengani anthu awiri amene agwidwa ndi sitiroko. Woyambayo dzanja lamanja lalobodoka, pakamwa papotoka, mawu sakutuluka, komabe mwendo akuusunthako. Wachiwiriyo lafa ndi dzanja lamanzere. Akulankhula bwinobwino, kungoti mukamuonetsa dzanjalo akukana kuti lili ndi vuto, ndipo mukaima kumanzere kwake sakutembenuka n'komwe. Mtsempha umene watsekeka ndi womwewo, yasiyana ndi mbali basi. Munthu amene angathe kulongosola odwala awiriwa wamvetsa gawo lalikulu la ubongo. Ndani ayambe ndi njira ya magazi?

Thoko:
Ndiyambe ine a Limbani. Magazi amakwera ku ubongo kudzera m'mitsempha inayi. Iwiri ndi ma internal carotid, nthambi za mitsempha imene mumaimva ikugunda mukagwira m'mbali mwa kholingo. Ina iwiri ndi ma vertebral, imene imadutsa m'timabowo ta mafupa a khosi n'kukaphatikizana kukhala mtsempha umodzi wa basilar kutsogolo kwa tsinde la ubongo. Pansi pa ubongo yonseyi imalumikizana n'kupanga mkombero wotchedwa circle of Willis, umene Thomas Willis anaufotokoza mu 1664. Ambiri amaganiza kuti mtsempha wina ukatsekeka magazi amangozungulira kwina chifukwa cha mkomberowu. Nthawi zina zimaterodi, koma mwa anthu ambiri sukhala wathunthu, ndiponso kutsekeka kumakonda kuchitikira kutsogolo kwa mkomberowo, kumene njira zolambalala n'zazing'ono kwambiri.

Mbali iliyonse ya ubongo imalandira nthambi zikuluzikulu zitatu. Anterior cerebral imapereka magazi m'kati mwa mng'alu umene uli pakati pa mbali ziwirizo. Posterior cerebral imapita kunkhongo, kumene kuli gawo lothandiza kuona. Middle cerebral ndiyo yaikulu, ndipo imafalikira pafupifupi kunja konse kwa mbaliyo.

Tsopano taganizirani kamzere ka ubongo kolamula minofu, kamene kamatsika kuchokera paliwombo kulowera chakukhutu. Ziwalo zinandandalikidwa mozondoka pamenepo. Mwendo ndi phazi zili pamwamba mpaka kupindikira mu mng'alu muja, dzanja lili pakati, nkhope ndi lilime zili pansi. Middle cerebral ikatsekeka, nkhope ndi dzanja ndizo zimavutika kwambiri, pamene mwendo umatsalako popeza magazi ake amachokera ku anterior cerebral. Malo okonza mawu nawonso ali chakutsogolo pang'ono kwa gawo la nkhope ndi lilime, ndipo ali kumanzere mwa anthu opitirira 90 pa 100 alionse amene amagwiritsa ntchito dzanja lamanja. Popeza malowa ndi oyandikana ndipo amadalira mtsempha umodzi, amavulalira limodzi.

Chisomo:
Chatsala n'kufotokoza chifukwa chake mbali ya kumanzere imalamula dzanja lamanja. Timinyewa tochokera pa kamzere kamene a Thoko atchulako timasonkhana n'kudutsa pamalo opanikizika otchedwa internal capsule, kenako timatsika m'tsinde la ubongo. Tikafika kumunsi kwa medulla, gawo lotsiriza la tsinde la ubongo, pafupifupi 85 mpaka 90 pa 100 alionse timawolokera mbali inayo tisanalowe mumsana. Kuvulala kulikonse kochitika pamwamba pa malo owolokerawa kumaonekera mbali ina ya thupi.

Poyeza wodwala, muuzeni akweze nsidze. Minofu ya pamphumi imalandira lamulo kuchokera ku mbali zonse ziwiri za ubongo, ndiye pa sitiroko pakamwa pamapotoka koma mphumi imachitabe makwinya mbali zonse. Ngati theka lonse la nkhope lagwa, mphumi yomwe, ndipo diso likukanika kutsinzina, vuto limakhala pa mnyewa wa nkhope weniweniwo, monga zimakhalira pa Bell's palsy, kapena pamene mnyewawo umayambira m'tsinde la ubongo.

China chimene chimadabwitsa ophunzira n'chakuti kukula kwa bala sikulingana ndi kukula kwa kulumala. Kamtsempha kakang'ono kakatsekeka mu internal capsule, bala lake silifika ndi masentimita 1.5, koma nkhope, dzanja ndi mwendo zimafa zonse mofanana chifukwa timinyewa tonse tadutsa pamodzi pamenepo. Munthuyo amamva ndi kusankha mawu bwinobwino, chifukwa khungu la pamwamba la ubongo silinakhudzidwe. Mtundu umenewu umayenderana kwambiri ndi BP ndiponso shuga. Cerebellum, kaubongo ka kunkhongo kaja, ndi kosiyana: kakavulala kumanja, kunjenjemera ndi kuphonya pogwira zinthu kumakhala kumanja komweko.

Madalitso:
Ndikugwirizana nazo, koma pa nkhani ya mawu tisamafupikitse kwambiri. Mabuku amati Paul Broca anapeza malo olankhulira mu 1861 ku Paris, atayeza ubongo wa wodwala wake Leborgne, amene ankatha kutchula liwu limodzi lokha loti "tan". Amatinso Carl Wernicke anapeza malo omvetsera mawu mu 1874, chakumbuyo, pamwamba pa temporal lobe, gawo la ubongo la chakukhutu. Zonsezi n'zoona. Koma Broca sanaudule ubongowo, anangouona kunja n'kuusunga. Akatswiri ena ataujambula ndi MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito, zotsatira zimene zinatuluka mu 2007 zinaonetsa kuti bala linalowa m'kati kwambiri, n'kuwononga mitolo ya timinyewa yolumikiza kutsogolo ndi kumbuyo kwa ubongo. Bala la pamalo a Broca pokha nthawi zambiri limapereka vuto limene limachepa pakapita nthawi. Losatha limabwera pamene zolumikizazo zaduka.

Pabedi la wodwala siyanitsani zinthu ziwiri. Wina amangolephera kutchula bwino chifukwa minofu ya pakamwa yafooka, koma mukamupatsa cholembera amalemba chiganizo cholongosoka. Wina chinenero chenichenicho ndicho chasokonekera, moti ndi kulemba komwe kumamukanika. Muonetseni wotchi kapena kiyi atchule dzina lake, muuzeni abwereze chiganizo chachifupi, kenako mulamuleni ndi mawu okha, osamuonetsa ndi manja, kuti atsinzine kapena agwire khutu. Wovulala kutsogolo amamva lamulolo koma mawu amatuluka movutikira, ndipo amakhumudwa chifukwa akudziwa kuti akulephera. Wovulala kumbuyo amalankhula mothamanga, mawu ambirimbiri opanda mutu, ndipo sazindikira kuti sizikumveka. Ameneyu ndi amene amaganiziridwa molakwika kuti waledzera kapena wasokonezeka mutu, nthawi n'kumapita.

Wodwala wachiwiri wa a Limbani wavulala parietal lobe ya kumanja, imene imathandiza munthu kulabadira zimene zamuzungulira. Muuzeni ajambule wotchi, mudzaona manambala onse 12 atawaunjika kumanja kwa mkomberowo. Maso ake angakhale abwinobwino, chimene chasowa ndi kulabadira mbali ya kumanzere.

Limbani:
A Yamikani, tithandizeni pa nthawi. N'chifukwa chiyani ubongo sulimba ngati minofu ya mwendo, imene imatha kupirira kwa maola?

Yamikani:
Yankho lili pa kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu. Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.3 mpaka 1.4, kutanthauza 2 pa 100 alionse a kulemera kwa thupi, koma umagwiritsa ntchito pafupifupi 20 pa 100 alionse a okosijeni amene thupi limafuna munthu akamapuma. Umalandira magazi okwana mamililita pafupifupi 750 pa mphindi, ndipo umafuna shuga wokwana magalamu pafupifupi 120 pa tsiku. Zosungira zake n'zochepa kwambiri. Magazi akaima, munthu amakomoka m'masekondi pafupifupi 10, ndipo pakatha mphindi 4 mpaka 6 maselo amayamba kufa.

Mphamvu yambiriyi imathera pa ntchito imodzi yosaoneka. Nyuroni, selo lotumiza mauthenga mu ubongo, ikakhala phee, m'kati mwake mumakhala mamilivoti pafupifupi -70 poyerekeza ndi kunja. Kusiyanaku kumasungidwa ndi timipope ta pakhungu la selo, timene timatulutsa sodium 3 n'kulowetsa potassium 2 pa ulendo uliwonse, usana ndi usiku. Uthenga ukafika n'kukweza mphamvuyo kufika cha m'ma -55, timakomo ta sodium timatseguka, mphamvu imalumpha kufika cha m'ma +30, kenako potassium amatuluka n'kuibweza pansi. Zonsezi zimatha m'kachigawo kamodzi kapena tiwiri pa zigawo 1,000 za sekondi. Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley anazilongosola mu 1952 pogwiritsa ntchito mnyewa waukulu wa nyama ya m'nyanja yotchedwa squid, chifukwa unali wonenepa mokwanira kulowetsamo kawaya. M'timinyewa tokutidwa ndi nembanemba ya mafuta yotchedwa myelin uthenga umatha kuthamanga mamita 120 pa sekondi, pamene m'topanda myelin umayenda mamita osapitirira 2.

Magazi akachepa, timipope tija timaima. Sodium amalowa m'selo, madzi amamutsatira, selo limatupa. Kenako glutamate, mankhwala amene manyuroni amatumizirana podzutsana, amatayikira kunja mochuluka, calcium amasefukira m'maselo oyandikana, ndipo maselowo amadziwononga okha. Mwa nthawi zonse magalamu 100 alionse a ubongo amalandira magazi okwana mamililita pafupifupi 50 pa mphindi. Akatsika kufika cha m'ma 20, maselo amasiya kugwira ntchito koma amakhala akadali moyo. Akatsika pansi pa 10, amafa msanga. Choncho pa sitiroko pamakhala pakati pamene pafa kale, ndi m'mphepete mozungulira, mmene muli ngati mbewu zofota zimene zingadzuke madzi akabwera msanga. Chithandizo chonse chofulumira chimalimbana ndi kupulumutsa m'mphepetemo. Jeffrey Saver anawerengera mu 2006 kuti mtsempha waukulu ukatsekeka, manyuroni pafupifupi 1.9 miliyoni amafa pa mphindi iliyonse.

Thoko:
N'chifukwa chake wodwala akafika ndondomeko siyenera kusokonezedwa. Choyamba ndi kuyeza shuga pachala, chifukwa shuga wotsika kwambiri amatha kufooketsa mbali imodzi ya thupi ndendende ngati sitiroko, ndipo amachira m'mphindi zochepa akapatsidwa glucose. Chachiwiri ndi kufunsa nthawi yomaliza imene munthuyo anaoneka ali bwinobwino. Si nthawi imene anamupeza ayi. Ngati wadzuka nazo m'mawa, timawerengera kuyambira pamene anakagona. Chachitatu ndi kujambula mutu ndi makina a X-ray otchedwa CT, popanda mankhwala a m'mitsempha.

CT imeneyi ntchito yake yoyamba n'kuona ngati magazi atayikira mu ubongo. Magazi atsopano amaoneka oyera nthawi yomweyo, pamene bala la kutsekeka kwa mtsempha limatha kusaoneka kwa maola angapo oyambirira. Ndiye CT yooneka bwinobwino mwa munthu amene wafa mbali imodzi sikutanthauza kuti palibe sitiroko. Pafupifupi 85 pa 100 alionse amakhala a kutsekeka, otsalawo ndi a kuphulika kwa mtsempha, ndipo ndi maso okha simungawasiyanitse modalirika. Pachifukwachi aspirin asaperekedwe asanajambule.

Ngati mulibe magazi otayika ndipo maola 4.5 sanadutse, pamaperekedwa mankhwala osungunula magazi oundana. Amodzi mwa mankhwalawa, alteplase, amaperekedwa mamiligalamu 0.9 pa kilogalamu ya kulemera kwa wodwala, osapitirira 90, gawo limodzi mwa magawo 10 nthawi imodzi ndipo otsalawo m'diripi kwa ola lathunthu, BP ikhale pansi pa 185/110 asanayambe. Mtsempha waukulu ukatsekeka, madokotala amalowetsa kachubu kudzera pa mtsempha wa m'mphechepeche kapena wa padzanja n'kukakoka magazi oundanawo, mkati mwa maola 6, ndipo kwa odwala ena osankhidwa malinga ndi zithunzi mpaka maola 24. Chimene chimaiwalika kawirikawiri ndi kumeza. Wodwala asamwe kapena kudya kanthu asanayezedwe ngati akumeza bwino, chifukwa zolowa m'mapapo zimabweretsa chibayo chimene chimapha anthu amene akanachira.

Chisomo:
Pa MRI ndiwonjezereko pang'ono. Mtundu wa MRI wotchedwa DWI umaona mmene madzi akuyendera pakati pa maselo. Maselo akatupa monga afotokozera a Yamikani, madzi amapanikizika, ndipo malowo amawala pakangopita mphindi zochepa. MRI imaonanso bwino tsinde la ubongo ndi cerebellum, kumene CT imasokonezedwa ndi mafupa okhuthala a pansi pa chigaza. Kuipa kwake imatenga nthawi, wodwala akasuntha chithunzi chimawonongeka, ndipo maginito ake, a matesla 1.5 kapena 3, sazimitsidwa ngakhale pamene sakujambula. Silinda ya okosijeni, sizasi, bedi lachitsulo, zonsezi zimakokedwa mwamphamvu zedi. Wodwala aliyense afunsidwe za pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda), tizitsulo tomangira mitsempha ya mu ubongo, ndiponso ngati zidutswa za chitsulo zinalowapo m'diso.

Madalitso:
Tisachoke pa kutupa tisanakambe za chigaza. Mwa munthu wamkulu chigaza sichitanuka, ndipo m'kati mwake muli zinthu zitatu zokha: ubongo, magazi ndi madzi a ubongo. China chikachuluka, chinzake chiyenera kutuluka. Poyamba madzi ndi magazi a m'mitsempha yobwerera kumtima amakankhidwira kunja, ndipo munthu amaoneka bwinobwino. Malo amenewa akatha, kupanikizika kumakwera mwadzidzidzi ndipo ubongo umayamba kukankhidwira pansi.

Izi zimaoneka bwino pa munthu amene wamenyeka m'mbali mwa mutu, kutsogolo kwa khutu chapamwamba, pamene fupa ndi lopyapyala ndipo kuseri kwake kumadutsa mtsempha wa middle meningeal. Ubongo uli ndi nembanemba zitatu: dura yolimba ya kunja, arachnoid ya pakati, ndi pia yomatirira pa ubongo. Mtsemphawu ukang'ambika, magazi amasonkhana pakati pa fupa ndi dura. Ena amakomoka pang'ono, n'kudzuka, n'kumacheza kwa ola limodzi kapena angapo, kenako n'kuyamba kusinza. Mbali ya m'kati ya temporal lobe ikakankhidwira pansi imapanikiza mnyewa wachitatu mwa minyewa yotuluka mu ubongo, umene umachepetsa mwanadiso, ndiye mwanadiso wa mbali yovulalayo amakula n'kusiya kuchepa mukamuunika ndi tochi. Pamenepo opareshoni ikufunika nthawi yomweyo. Mwa okalamba, omwa mowa kwambiri ndi omwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, timitsempha ta pansi pa dura timatha kudontha pang'onopang'ono kwa masabata, munthu n'kuyamba kuiwala ndi kudzandira atayiwala kale kuti anagwapo.

Poyang'anira wovulala mutu timagwiritsa ntchito Glasgow Coma Scale, imene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anafalitsa mu 1974. Maso ali ndi mapointi 4, mawu 5, kusuntha 6. Otsikitsitsa ndi 3, osati ziro, ndipo 8 kutsika pansi ndi kuvulala kwakukulu kofuna kuteteza njira ya mpweya. Lembani magawo atatuwo padera, chifukwa 10 wa wina si wofanana ndi 10 wa mnzake, ndipo yezani mobwerezabwereza. Kutsika ndi mapointi 2 kumanena zambiri kuposa nambala imodzi yolembedwa pofika.

Yamikani:
Madzi a ubongowo ndi okwana mamililita pafupifupi 150 nthawi iliyonse, koma thupi limapanga pafupifupi 500 pa tsiku, ndiye amasinthidwa katatu kapena kupitirira. Amapangidwa ndi choroid plexus m'timphanga tinayi ta mu ubongo, ndipo amadutsa pa kanjira kopapatiza pakati pa mphanga yachitatu ndi yachinayi. Pakatsekeka, madzi amadzaza kumbuyo. Mwa khanda mafupa sanalumikizane, ndiye mutu umakula ndipo liwombo limatukumuka. Potenga madziwa kuti akayezedwe, singano imalowa pakati pa mafupa a kumunsi kwa msana otchedwa L3 ndi L4 kapena L4 ndi L5, chifukwa mwa wamkulu mtsempha wa mumsana umathera cha pa L1 kapena L2. Ngati pali zizindikiro zoti m'mutu muli chotupa kapena magazi, jambulani kaye, popeza kuchotsa madzi pansi kungachititse kuti ubongo utsikire pabowo la pansi pa chigaza n'kupanikiza medulla, kumene kumalamulidwa kupuma.

Tiyamike:
Mwakamba za makina oona kapangidwe, ine ndikambe za oona magetsi. EEG, njira yojambula magetsi a ubongo ndi mawaya oikidwa pamutu, anaiyamba ndi Hans Berger ku Jena, amene anajambula munthu koyamba mu 1924 n'kufalitsa zotsatira mu 1929. Poika mawaya timayeza mutu ndi tepi kuchokera pagwa la pamwamba pa mphuno kukafika pa kafupa kotukumuka ka kunkhongo, komanso kuchokera khutu lina kufika linzake, kenako timaika zizindikiro pa mtunda wa 10 ndi 20 pa 100 alionse. Mawaya ojambula amakhala 19, kuwonjezera a reference ndi ground. Pa mayina a mawayawa, manambala osagawika pawiri ali kumanzere, ogawika ali kumanja, chilembo z chili pakati. Khungu limapukutidwa ndi mankhwala okhakhala pang'ono mpaka impedance, muyeso wa mmene khungu likutchingira magetsi, itsike pansi pa makilo-ohm 5. Tsitsi likhale lochapa, lopanda mafuta.

Magetsi amene tikuwasaka ndi ochepa kwambiri, mamaikrovoti 10 mpaka 100, moti kuphethira, kukukuta mano, thukuta ndi magetsi a m'khoma a 50 kapena 60 Hz zimawaphimba mosavuta. Wosazolowera amatha kuwerenga waya wosamata bwino ngati khunyu. Munthu wamkulu wathanzi akatsinzina, kunkhongo kumaoneka mafunde a alpha, 8 mpaka 13 pa sekondi, ndipo akatsegula maso amazimiririka. Kujambula wamba kumatenga mphindi 20 mpaka 30. M'katimo timamuuza apume mozama kwa mphindi 3 ndiponso timamuwalitsira nyali yophethira. Mwa mwana wa khunyu la kungoti duu kwa masekondi ochepa, kupuma mozamaku kumadzutsa mafunde osongoka obwera 3 pa sekondi m'mutu monse, ndipo mwanayo amasiya zimene amachita pomwepo.

Chonde achimwene ndi achemwali, tisamauze munthu kuti alibe khunyu chifukwa EEG yatuluka bwino. Mwa anthu amene alidi ndi khunyu, kujambula koyamba kumaonetsa zizindikiro mwa theka lokha kapena ochepera. Kubwereza munthu atasowa tulo, kuti agone pojambulapo, kumathandiza. Umboni waukulu ndi zimene woona ndi maso wafotokoza, ndipo kanema wa pafoni amathandiza kwambiri. Wogwa khunyu mugonekeni chammbali, musamuike kanthu m'kamwa, ndipo yang'anani wotchi. Kukapitirira mphindi 5 kumafuna mankhwala msanga.

Limbani:
Nanga nambala ya manyuroni? Mabuku akale amati mabiliyoni 100.

Yamikani:
Imeneyo inali yongoyerekeza. Mu 2009 gulu la Suzana Herculano-Houzel ku Brazil linawerenga mwa njira ina. Anaumitsa ubongo ndi mankhwala, n'kuupera mpaka makungu a maselo atasweka koma ma nucleus, timitima ta maselowo, atatsala athunthu m'madzimadzi osakanizika bwino. Anapaka utoto woonetsa ma nucleus onse, ndi wina wogwira a manyuroni okha, n'kuwerenga timadontho pa maikulosikopu kenako n'kuchulukitsa. Anapeza manyuroni pafupifupi mabiliyoni 86. Chochititsa chidwi n'chakuti pafupifupi mabiliyoni 69 ali mu cerebellum, pamene khungu lamakwinya la pamwamba, lokhuthala mamilimita 2 mpaka 4, lili ndi mabiliyoni 16 okha.

Kuona nyuroni imodzi payokha kunayamba ndi Camillo Golgi mu 1873. Ankaviika kachidutswa ka ubongo mu potassium dichromate, kenako mu silver nitrate. Maselo ochepa okha ndiwo ankada, koma ankada athunthu ndi nthambi zawo zonse, ndipo kuchepako n'kumene kunathandiza, chifukwa akanada onse sipakanaoneka kanthu. Santiago Ramón y Cajal anagwiritsa ntchito njira yomweyo n'kunena kuti manyuroni ndi maselo osiyana, pamene Golgi ankati ndi ukonde umodzi wolumikizana. Analandira limodzi mphoto ya Nobel mu 1906 akutsutsanabe. Mpata wa pakati pa manyuroni, wa ma nanometer 20 mpaka 40, unadzaoneka m'ma 1950 ndi maikulosikopu ya ma electron, ndipo Cajal ndiye analondola.

Chisomo:
Masiku ano fMRI, mtundu wina wa MRI, ikutha kutionetsa malo amene akugwira ntchito munthu ali moyo, osamudula. Imeneyonso ndi yoyenera kuitchula.

Madalitso:
Ndi yothandiza a Chisomo, koma tiziitchula mosamala. Siyeza manyuroni, imayeza magazi. Malo akayamba kugwira ntchito, magazi a okosijeni amachuluka kumeneko, ndipo hemoglobin yokhala ndi okosijeni imasiyana ndi yopanda okosijeni pa maginito. Seiji Ogawa anaonetsa zimenezi mu 1990. Kusinthako n'kochepa kwambiri, ndipo kumafika pachimake pakatha masekondi pafupifupi 5, pamene nyuroniyo inatha ntchito yake kalekale. Kabokosi kamodzi ka chithunzi, ka mamilimita 2 kapena 3, kali ndi manyuroni masauzande mazanamazana. Mitundu yowala imene mumaiona ndi masamu oyerekeza ntchito ina ndi inzake, ndipo malo osawalawo sanazime. Apa m'pamenenso bodza loti timagwiritsa ntchito 10 pa 100 alionse a ubongo limagwera, chifukwa palibe gawo lalikulu limene lingawonongeke popanda chotsatira. Mu 2009 Craig Bennett ndi anzake anaika nsomba yakufa ya salmon m'makinawa, ndipo atapanda kukonza masamu a kuyesa timabokosi tambirimbiri nthawi imodzi, timalo tina tinawala mwangozi chabe.

Chisomo:
Pamenepo sinditsutsa. Ndipotu fMRI imaonetsa malo amene akutenga nawo mbali, osati amene sangachotsedwe. N'chifukwa chake pochotsa chotupa pafupi ndi malo a mawu madokotala amadzutsabe wodwala pakati pa opareshoni, njira imene Wilder Penfield anaikulitsa ku Montreal. Ubongo weniweniwo sumva kupweteka, ndiye amachititsa dzanzi khungu la mutu ndi dura. Wodwala amatchula zithunzi, dokotala n'kukhudza pamalo ndi kawaya ka magetsi ochepa kwa masekondi osapitirira 4. Mawu akaima mobwerezabwereza pamalo amenewo, amaikapo kapepala ka nambala ndipo samadulapo. Magetsiwo akadzutsa khunyu, amathira madzi amchere ozizira pa ubongo pomwepo.

Thoko:
Kusamala kumeneku kunaphunziridwa movutikira. Mu 1953 William Scoville anachotsa mbali za m'kati za temporal lobe kumanja ndi kumanzere komwe, kuphatikizapo gawo lalikulu la hippocampus, malo othandiza kusunga zokumbukira, mwa Henry Molaison wa zaka 27, pofuna kuchepetsa khunyu. Khunyu linachepa, koma kuyambira pamenepo sanathenso kusunga zochitika zatsopano. Ankatha kugwira nambala m'mutu ngati akuibwereza, koma akangosokonezedwa inkachoka. Brenda Milner anamupatsa ntchito yotsata mzere wa nyenyezi akuyang'ana pagalasi. Tsiku lililonse ankalakwitsa mochepa kuposa dzulo lake, ngakhale sankakumbukira kuti anaichitapo. Apa zinadziwika kuti kukumbukira zochitika ndi kuphunzira luso la manja zimadutsa njira zosiyana, ndipo luso limadalira kwambiri basal ganglia, magulu a maselo a m'kati mwenimweni mwa ubongo, ndi cerebellum. Anamwalira mu 2008, ndipo ubongo wake unadulidwa m'tizigawo topyapyala 2,401 ku San Diego mu 2009. Masiku ano opareshoni ya khunyu imachotsa mbali imodzi yokha, atayeza kaye ngati inayo ingathe kusunga zinthu payokha.

Yamikani:
Hippocampus yomweyo ndi imodzi mwa malo ofooka kwambiri okosijeni akasowa, makamaka gawo la CA1, pamodzi ndi maselo a Purkinje a mu cerebellum. Munthu amene mtima unaima n'kutsitsimutsidwa amatha kudzuka akuyenda, akulankhula, akuzindikira abale ake, koma osasunga zimene wauzidwa mphindi 10 zapitazo. Asanatuluke m'chipatala mupatseni mawu atatu osagwirizana, awabwereze pomwepo kuti mutsimikize kuti wamva, muchezeni nkhani ina kwa mphindi 5, kenako mufunseni mawu aja. Akalephera, malangizo a mankhwala aperekedwe molemba ndiponso kwa womusamalira, ndipo atumizidwe kukayezedwa mokwanira za kukumbukira.